Matenda amene anapulula mitengo ya chestnut, ndi matenda ena a fangasi: mafunso ndi mayankho

Pa matenda onse a mitengo, ndi ochepa amene adya nthawi ndi ndalama za asayansi ngati amene anapulula mitengo ya chestnut kum'mawa kwa United States. Kafukufuku wake anayamba mu 1904 ndipo mpaka lero akupitirira. Amene anamuyamba anamwalira kalekale, koma mtengowo sunabwererebe m'nkhalango momwe unalili.

Kodi chestnut ndi mtengo wotani, ndipo anthu ankaufuniranji?

Mtundu wa ku America, umene asayansi amautcha Castanea dentata, unkamera kuchokera ku Maine kumpoto mpaka ku Georgia ndi Mississippi kumwera, makamaka m'mapiri a Appalachia. Unkatalika kufika mamita 30, thunthu lake lowongoka bwino, ndipo unkakula msanga. Matabwa ake sankawola wamba, motero ankamangira nyumba, mipanda, mapolo a mawaya a telegalafu ndi mitanda ya njanji. Khungwa ndi thabwa lake ankatengamo mankhwala ofufutira zikopa.

Koma kwa mabanja osauka a m'mapiri, chuma chenicheni chinali zipatso zake, zokhala ngati mtedza waukulu wotsekemera mkati mwa chikhokho cha minga. Mtengowu unkabereka chaka ndi chaka osaphonya. Anthu ankatola n'kukagulitsa, zina n'kupita pasitima kumizinda, ndipo nkhumba ankangozitayirira m'nkhalango kuti zikanenepe zokha. Agwape, zimbalangondo ndi mbalame zinkadaliranso chakudya chomwechi.

Matendawa anaoneka liti, ndipo anachokera kuti?

Mu 1904 Hermann Merkel, amene ankayang'anira mitengo pamalo osungira nyama ku Bronx mumzinda wa New York, anaona kuti nthambi za chestnut zikufota m'nyengo imene zinayenera kukhala zobiriwira, ndipo pakhungwa panali timadontho tofiirira ngati lalanje. William Murrill wa ku New York Botanical Garden anafufuza n'kufotokoza za fangasi (kamoyo ka m'gulu la bowa ndi chuku) woyambitsa matendawo mu 1906. Dzina lake linasintha kangapo, ndipo lero amatchedwa Cryphonectria parasitica.

Kwawo kwa fangasiyu ndi kum'mawa kwa Asia. Frank Meyer, amene boma la America linkamutuma kukasaka zomera m'mayiko ena, anamupeza pa mitengo ya ku China mu 1913 ndiponso ku Japan mu 1915. Kumeneko mitengo imadwala koma nthawi zambiri siifa, chifukwa yakhala limodzi ndi fangasiyu kwa zaka zosawerengeka. Analowa ku America atabisala pa mbande za chestnut wa ku Japan zimene eni manazale ankaitanitsa kuyambira cha m'ma 1870, n'kumazigulitsa m'dziko lonse. Palibe amene anali ndi cholinga choipa. Anthu ankangofuna mitengo yaifupi yobereka zipatso zikuluzikulu.

Pofika cha m'ma 1950, mitengo ikuluikulu pafupifupi yonse inali itafa. Akatswiri amayerekeza kuti inali pakati pa 3 ndi 4 biliyoni.

Fangasiyu amapha bwanji mtengo waukulu chotero?

Amalowera pabala lililonse la pakhungwa, kaya pamene nthambi yathyoka, pamene kachilombo kaboola, kapena mng'alu umene umabwera mtengo ukamakula. Akalowa amayala ulusi wake pansi pa khungwa, pamene pali mnofu wamoyo wa mtengo, pomwe pamadutsa chakudya chochokera kumasamba ndi pomwe thunthu limakulira. Kutsogolo kwa ulusiwo amatulutsa asidi wotchedwa oxalic acid, amene amapha mnofuwo, ndipo fangasi amadya zakufazo akusunthira patsogolo. Kunja kumaoneka chilonda cholowa mkati, khungwa litang'ambika.

Chilondacho chimakula mozungulira. Aliyense amene anaonapo mtengo umene anthu ausenda khungwa kuzungulira thunthu lonse akudziwa mapeto ake: zonse za pamwamba pa balalo zimauma. Fangasiyu amachita zomwezo, kungoti ali mkati. Nthambi yaing'ono imatha kufa m'nyengo imodzi, mtengo waukulu umatenga zaka zingapo.

Amafala ndi timbewu tamitundu iwiri. Tina timatuluka kukakhala chinyontho, tonanda, n'kumatengedwa ndi madontho a mvula, tizilombo ndi mapazi a mbalame. Tina timaponyedwa mumpweya n'kuuluka ndi mphepo. Amathanso kukhala pa mitengo ina ya oak popanda kuipha, choncho ngakhale chestnut atatha m'dera, fangasiyu amakhalapobe.

Kodi sanayese kuwaletsa atangoyamba?

Anayesa. Boma la Pennsylvania linakhazikitsa komiti yapadera mu 1911 ndipo linatuma anthu kukadula ndi kutentha mitengo yodwala, kuti pakhale mpata woti matenda asadumphe. Pofika 1913 ntchitoyo inasiyidwa chifukwa timbewu tinkauluka kupitirira mpatawo, komanso mbande zodwala zinali zitafika kale kutsogolo.

Chomvetsa chisoni kwambiri ndi chakuti eni nkhalango ankalangizidwa kudula mitengo yawo isanadwale kuti asataye ndalama ya matabwa. Akatswiri ambiri lero amakhulupirira kuti pakati pa mitengo yodulidwayo panali ina imene ikanapirira, ndipo ikanakhala maziko a mbewu yatsopano. Chinthu chimodzi chokhalitsa chinatulukapo: mu 1912 dziko la America linakhazikitsa lamulo loyang'anira zomera zolowa m'dziko, ndipo matendawa anali chimodzi mwa zimene zinatsegula anthu maso.

Ndiye kuti mtengowu unatheratu?

Ayi. Fangasiyu sapha mizu, chifukwa tizamoyo ta m'dothi timalimbana naye. Chitsa chimaphukira, mphukira imakula zaka zingapo, matenda amaipeza n'kuiumitsa, chitsa n'kuphukiranso. Zitsa zina zakhala zikuchita zimenezi kwa zaka pafupifupi 100. Kalembera wa nkhalango akusonyeza kuti mitengo yamoyo ilipo yoposa 400 miliyoni, koma yochuluka ndi timitengo toonda tokhala pamthunzi, timene sitifika pobereka. Mtengo wosabereka sungasiye ana opirira kuposa iwo, ndipo chitsa chilichonse chili ndi malire ake.

Komabe zitsa zimenezi ndi chuma chachikulu kwa ofufuza. Zasunga chibadwa cha mitengo ya madera osiyanasiyana, yozolowera kuzizira kwa kumpoto ndi kutentha kwa kumwera. Anthu ongodzipereka amayenda m'nkhalango kusaka yomwe yachita maluwa kuti atenge mungu kapena nthambi zomezanitsa.

Ku Ulaya matendawa anafikanso. N'chifukwa chiyani kumeneko mitengo sinathe?

Apa ndi pamene nkhaniyi imakoma. Matendawa anapezeka ku Italy pafupi ndi Genoa mu 1938, ndipo aliyense ankayembekezera zimene zinachitika ku America. Chestnut wa ku Ulaya, Castanea sativa, amapirirako pang'ono kuposa wa ku America, koma nayenso anayamba kufa. Kenako cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, Antonio Biraghi anaona zachilendo: zilonda zina zinkapola zokha. Khungwa linkatupa n'kukhakhala, koma mnofu wa pansi pake unali wamoyo, ndipo mtengo unkapitiriza kukula.

Anzake ambiri sanamukhulupirire. M'zaka za m'ma 1960, Jean Grente wa ku France anatenga fangasi pa zilonda zopolazo n'kumulera mu labotale. M'malo momera wofiirira monga mwa nthawi zonse, anamera woyera, wofooka, wotulutsa timbewu tochepa. Chodabwitsa koposa chinali chakuti akamuika pafupi ndi fangasi waukali, ulusi wawo ukalumikizana, waukali uja nayenso ankafooka. Kufookako kunali kopatsirana.

Patapita zaka zinadziwika kuti fangasiyo anali akudwala. Mkati mwake munali vairasi, amene lero amatchedwa Cryphonectria hypovirus 1. Vairasiyu sagwira mtengo, sagwira munthu, amangofoola fangasi, ndipo zimenezo zimapatsa mtengo nthawi yomanga mnofu watsopano kuzungulira chilonda. Ku France ndi mayiko ena alimi anaphunzira kuboola timabowo m'mphepete mwa chilonda n'kuikamo fangasi wodwalayo. M'madera ambiri a ku Italy, Switzerland ndi France vairasiyu anafalanso yekha. Matendawa alipobe ku Ulaya ndipo amaphabe mitengo, koma minda ndi nkhalango za chestnut zinapulumuka.

Bwanji sanangotengera vairasiyo ku America?

Anamutengera, kuyambira m'ma 1970, ndipo Sandra Anagnostakis ndi anzake ku Connecticut anathera zaka zambiri pa ntchitoyi. Chilonda chimene munthu wachithira ndi manja chimapola ndithu. Vuto ndi lakuti vairasiyu safala yekha kupita ku mitengo ina monga amachitira ku Ulaya.

Chifukwa chachikulu chili m'chibadwa cha fangasi. Vairasiyu alibe chikhokho choti atulukire kunja, motero amadutsa pokhapokha ulusi wa mafangasi awiri ukalumikizana. Koma fangasi amazindikira wachibale ndi mlendo. Pali majini (tizigawo ta chibadwa) osachepera 6 amene amalamulira zimenezi, ndipo awiriwo akasiyana pa majiniwa, maselo a polumikizirana amafa msanga, njira n'kutsekeka. Ku madera ambiri a ku Ulaya kuli mafuko ochepa a fangasiyu, choncho vairasi amayenda mosavuta. Kum'mawa kwa America mafuko ndi ambiri, ndipo mtengo umodzi ungakhale ndi zilonda za mafuko angapo. Onjezanipo kuti mtengo wa ku America umafa msanga, vairasi asanafike.

Ku Michigan, kunja kwa dera limene mtengowu unkamera wokha mochuluka, kuli timinda timene tinachira ndi vairasi wina wa komweko. Donald Nuss ndi anzake ku Maryland anapanganso fangasi amene anamuchotsa ena mwa majini otsekereza aja, kuti azitha kupatsira vairasi mafuko ambiri. Zoyesera zake zinaonetsa kuti zimatheka pa chilonda chothiridwa. Nkhalango ya mahekitala mamiliyoni ndi nkhani ina.

Nanga kukwatitsa mtengo wa ku America ndi wa ku China?

Imeneyi ndi njira yakale kwambiri. Vuto lake ndi lakuti wa ku China ndi wamfupi, wotambalala nthambi, ndipo m'nkhalango mitengo ina imamuphimba. Anthu akufuna msinkhu wa ku America ndi kupirira kwa ku China mumtengo umodzi.

Mu 1983 kunakhazikitsidwa bungwe la The American Chestnut Foundation potsatira maganizo a Charles Burnham, katswiri amene anagwira ntchito nthawi yaitali pa chibadwa cha chimanga. Anati mwana wa mitengo iwiriyo akwatitsidwenso ndi wa ku America katatu motsatizana, ndipo pa m'badwo uliwonse azisankha opirira okha. Mapeto ake mtengo umakhala wa ku America magawo 15 mwa 16. M'badwo uliwonse umafuna zaka zingapo kuti uchite maluwa, ndiponso mitengo imayenera kupatsidwa matenda mwadala kuti aone yolimba. Ntchito yaikulu inachitikira pa famu ya bungweli ku Meadowview, ku Virginia.

Burnham ankaganiza kuti kupirira kumachokera ku majini awiri kapena atatu. Luso lowerenga DNA, momwe chibadwa chimasungidwa, litakula, zinaoneka kuti majini ake ndi ambiri, omwazikana. Zikatero, pamene mukuchepetsa magazi a ku China ndi pamene mukutayanso kupirira. Mitengo yambiri imene inatuluka ili pakatikati: imaposa ya ku America yeniyeni, koma siifika pa ya ku China. Tsopano bungweli limayeza DNA ya mbande kuti lisankhe makolo abwino, n'kumakwatitsa opirira okhaokha m'badwo ndi m'badwo. Ine sindiona zaka zimenezo ngati zotayika. Popanda minda imene anthu anadzala ndi kulemba bwino mbiri ya mtengo uliwonse, kuyeza DNA kukanasowa poyambira.

Tinamva za mtengo umene anauika jini ya tirigu. Unathera pati?

William Powell ndi Charles Maynard a ku koleji ya zankhalango ya SUNY ku Syracuse anayamba ntchitoyi cha m'ma 1990. Anaganiza kuti ngati chida cha fangasi ndi asidi uja, mtengo upatsidwe mphamvu yomuphwanya. Tirigu ndi zomera zina zili ndi jini yopanga enzyme (mankhwala a m'thupi la chomera) yotchedwa oxalate oxidase, imene imaphwanya asidiyu. Jiniyi siipha fangasi, imangomulanda chida, moti amakhala pakhungwa osazungulira thunthu. Kungophunzira kulera mtengo wathunthu kuchokera ku maselo mu labotale kunawatengera zaka zambiri.

Mtengo umene anauona kuti ndi wabwino anautcha Darling 58, ndipo mu 2020 anapempha boma chilolezo choti udzalidwe poyera. Ena anasangalala, ena anakana mwamphamvu, kuphatikizapo magulu ena oteteza chilengedwe, ponena kuti mtengo umakhala zaka mazana ndipo mungu wake ukauluka sungabwezedwe.

Kumapeto kwa 2023 zinthu zinasokonekera. Powell anamwalira mu November, ndipo mu December bungwe la The American Chestnut Foundation linalengeza kuti lasiya kuthandiza ntchitoyo. Zinapezeka kuti mitengo imene inkayesedwa kwa zaka zingapo sinali Darling 58 koma m'bale wake Darling 54, amene jini ija inagwera pamalo ena, mkati mwa jini ina ya mtengowo. Bungweli linatinso mitengoyo inkakula pang'onopang'ono m'minda yoyesera ndipo kupirira kwake kunali kosiyanasiyana. A ku Syracuse anavomereza kusokonekerako koma anapitiriza ndi Darling 54, ponena kuti ndi wotetezeka ndipo ndi wothandizabe. Chofunika kuona ndi chakuti cholakwikacho anachitulukira ndi asayansi okhaokha poyeza DNA ya mitengo imene inali m'manja mwawo.

Kodi kupopera mankhwala sikungathandize?

Fangasiyu amakhala pansi pa khungwa, pamene mankhwala opopera safika bwino, ndipo palibe angapopere nkhalango yonse chaka ndi chaka. Pa mtengo umodzi wa pakhomo anthu amamata dothi lonyowa pachilonda n'kukulunga ndi pulasitiki kwa miyezi ingapo, ndipo tizamoyo ta m'dothi timaletsa chilondacho kukula. Zimathandiza pamene dzanja lingafike basi.

Pa mbewu za m'munda mankhwala amagwira ntchito, ndipo mbiri yake ndi yaitali. Pierre Millardet ndi amene anatchukitsa msanganizo wa kopa ndi laimu wotchedwa Bordeaux m'minda ya mphesa ku France m'ma 1880. Koma mankhwala amakono amodzimodzi akagwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza, fangasi amawazolowera.

Ndi matenda ena ati amene anachita zofanana ndi zimenezi?

Mitengo ya elm ku Ulaya ndi ku America inaphedwa ndi fangasi wa Ophiostoma, amene amanyamulidwa ndi tizilombo toboola khungwa n'kutseka mitsempha ya madzi. Mliri wachiwiri, umene unayamba cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, unapha mitengo yoposa 25 miliyoni ku Britain kokha, ndipo unalowa ndi zipika zosasenda zochokera ku Canada. Mitengo ya ash ikufanso ndi fangasi wochokera kum'mawa kwa Asia, amene anayamba kuoneka ku Poland kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 n'kupezeka ku Britain mu 2012 pa mbande zoitanitsa kunja.

Pa mbewu, dzimbiri la khofi linaoneka ku Ceylon, komwe lero ndi Sri Lanka, mu 1869, ndipo linagwetsa ulimi wa khofi moti minda inasanduka ya tiyi. Mu 1970 chiwawu cha masamba chinawononga pafupifupi 15 peresenti ya chimanga cha ku United States, chifukwa mbewu zambiri za haibulidi zinali ndi chibadwa chimodzi chofooka chochokera kwa kholo limodzi. Kumeneko anachira msanga posintha mbewu, chifukwa chimanga chimadzalidwa chaka chilichonse. Dzimbiri la tirigu lotchedwa Ug99, limene linapezeka ku Uganda kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, linagonjetsa jini imene alimi a tirigu ambiri ankaidalira.

Nkhani zimenezi zimabwerera pa zinthu ziwiri: chomera kapena thabwa limene munthu wasamutsa, ndi mbewu zofanana chibadwa zodzalidwa pamalo aakulu.

Kodi chiwawu cha mbatata ya kachewere ndi tomato nachonso ndi fangasi?

Kale ankachiika m'gulu limenelo, koma Phytophthora infestans, amene anabweretsa njala ku Ireland kuyambira 1845, ndi wa fuko lina, loyandikana ndi ndere zina za m'madzi. Kusiyanaku n'kofunika pogula mankhwala, chifukwa ena opha fangasi weniweni samugwira. M'bale wake, Phytophthora cinnamomi, amawoletsa mizu ya mapeyala, ndipo ndi mdani wachiwiri wa chestnut kumwera kwa United States. Oweta mbewu kumeneko amayenera kufuna mtengo wopirira matenda onse awiri.

Kuno kwathu chestnut sitimudziwa. Zikutikhudza pati?

Zikutikhudza pa nthochi poyamba. Fangasi wa m'dothi wotchedwa Fusarium anapulula nthochi za Gros Michel ku Central America cha m'ma 1950, makampani n'kusamukira ku mtundu wa Cavendish. Fuko latsopano la fangasiyu, TR4, limapha Cavendish ndi mitundu ina yambiri, ndipo linatsimikizika kumpoto kwa Mozambique, m'chigawo cha Nampula, mu 2013. Limakhala m'dothi zaka makumi, limayenda ndi ana a nthochi, matope a kunsapato ndi madzi othirira, ndipo palibe mankhwala olichotsa. Alimi a ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay amene anazula nthochi zawo chifukwa cha chisaka akudziwa kale mmene matenda amayendera ndi mbewu yopatsana, ngakhale chisaka ndi vairasi osati fangasi.

Pa tirigu, matenda a wheat blast anayambira ku Brazil mu 1985, anafika ku Bangladesh mu 2016, ndipo anapezeka ku Mpika ku Zambia mu nyengo ya 2017 mpaka 2018. Kuyeza DNA kunasonyeza kuti fangasi wa ku Zambia ndi wa ku Bangladesh ndi a fuko limodzi lochokera ku South America.

Chapafupi koposa ndi chuku cha mtedza ndi chimanga. Fangasi wa Aspergillus flavus amapanga poizoni wa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndipo amayambitsa khansa. Poizoniyu anadziwika pambuyo pa 1960, pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. Njira imodzi yolimbana naye ikufanana ndi nzeru ya Grente, yogwiritsa ntchito fangasi wosaopsa pogonjetsa m'bale wake woopsa. Mwa mafuko a Aspergillus flavus muli ena osapanga poizoni. Peter Cotty anayesa ku Arizona kuwamwaza m'munda kuti alande malo, ndipo bungwe lofufuza zaulimi la IITA linapanga Aflasafe, fangasi wosaopsa womwaza m'munda, potengera nzeru imeneyo, pogwiritsa ntchito mafuko a m'dziko lililonse, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Mozambique. Apa palibe vairasi, ndi mpikisano wa malo chabe.

Mlimi kapena wapaulendo angachitepo chiyani?

Musabwere ndi mbande, ana a nthochi, zodula za zomera kapena dothi kuchokera kunja popanda chilolezo cha a zaulimi, ngakhale zikuoneka zathanzi. Mbande zimene zinapha chestnut zinkaonekanso zathanzi. Abale athu a ku Britain adziwe kuti matenda a chestnut anapezeka kumeneko mu 2011 pa mitengo yochokera ku France, ndipo aliyense woona chilonda chokayikitsa amayenera kudziwitsa a zankhalango.

M'munda mwanu, nthochi ikayamba kuchita chikasu kuyambira masamba akale, ndipo mukadula thunthu n'kupeza mizere yofiirira mkati, musapatse mnzanu ana ake, musasamutse dothi, tsukani khasu ndi chikwanje, ndipo itanani alangizi. Mtedza uziuma bwino usanalowe m'thumba, ndipo musauwaze madzi pofuna kuti usavute kusenda, chifukwa chinyontho chimenecho ndicho chuku chimafuna. Mtedza wonyala ndi wowola umene mwasankhula musausinje kukhala nsinjiro za pakhomo kapena kupatsa ng'ombe za mkaka, popeza poizoniyu samatha ndi kuphika ndipo amadutsa mpaka mumkaka.